Laimu pa Khonde la Telala

Tiyi anali atayamba kuzizira m'makapu chifukwa aliyense maso anali pa kompyuta ya Mervis. Anakhala panja, kuseri kwa khitchini kumene dzuwa la mwezi wa Juni limayambira kufika, atafunda zitenje, mbale ya mbatata yophika ili pakati pawo. Chifunga chinali chisanachoke m'mapiri ozungulira Mayani.

Mervis anali mzime wa a Falesi. Anafika dzulo lake madzulo kuchokera ku Lilongwe, kumene ankagwira ntchito yojambula zithunzi, ndipo m'mawa umenewu ankaonetsa amayi ake, mchimwene wake Linus ndi mlamu wake Dorika zimene anajambula chaka chimenecho.

"Uku ndi ku Limbe," anatero Mervis. "Kale anthu ankaoneramo kanema m'nyumba imeneyi."

A Falesi anasendera pafupi. Pachithunzipo panali khoma losupuka utoto, zenera lopanda galasi, ndi kamtengo ka kachere katamera pamwamba pa khomo.

"Kunali nkhondo kumeneko?" anafunsa.

"Ayi amayi, n'kukalamba chabe."

Mervis anapitiriza. Ku Zomba kunali masitepe oswekasweka okwera kupita ku chitseko chimene palibe ankatsegulanso. Ku Lilongwe kunali mzere wa masitolo akale, malata ake atafiira ndi dzimbiri, mayi wina akugulitsa nthochi m'munsi mwa khoma long'aluka.

"Alamu, kodi kamera yanuyi imadana ndi nyumba zabwino?" anafunsa Dorika. "Tauni yonse ija, nyumba zosanja mbwee, inu n'kukasankha mabwinja?"

"Ukatha apa ukajambule khola langa la mbuzi," anatero Linus akusenda mbatata. "Nalonso lapendama bwino. Utchuka nalo."

Mervis anaseka nawo, kenako anafotokoza mofatsa. Anati nyumba zoterezi zikugwetsedwa imodzi ndi imodzi, ndipo ikagwa, pakangopita nyengo pang'ono anthu amayamba kukangana kuti pamalopo panali chiyani. Iye ankafuna kuti pakhale chotsalira. Zithunzizo adzazipachika mu holo ina ku Lilongwe mwezi wamawa, anthu adzabwere kudzaona.

"Anthu n'kusamba, n'kuvala, kupita kukaona makoma ogumuka?" anadabwa a Falesi. "Nanga eni nyumbazo akudziwa kuti wawachita zimenezi?"

"Ambiri anamwalira, ena anasamuka." Mervis anatseka kompyuta ija. "Chatsala chithunzi chimodzi, ndipo n'cha konkuno. Ndamva kuti a Gibson agwetsa sitolo ija Lolemba kuti amange zipinda za lendi. Ndikufuna ndijambule pa Zefaniya pasanagwe."

A Falesi anaika kapu pansi.

Sitoloyo inali m'mbali mwa msewu, pafupi ndi msika. Anaimanga Mmwenye wina kalekale, ndipo atachoka inadutsa m'manja mwa anthu angapo mpaka kufika kwa a Gibson. Sinakhalepo ya banja la a Falesi ngakhale tsiku limodzi. Koma amuna awo, a Zefaniya, anali telala, ndipo anasokera pakhonde pake kuyambira ali mnyamata mpaka matenda atawagoneka. Mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati, zigamba za pamawondo, zonse za dera limenelo zinadutsa pakhonde limenelo. Mpaka lero makondakitala a minibasi ankakuwa kuti, "Otsika pa Zefaniya!" ngakhale amene sanawaonepo. Chimwalirireni mwini dzinalo, sitolo inatsekedwa, mphepo inakanganula malata ena, ndipo pakhonde pankagona mbuzi. A Falesi popita kumsika ankazungulira njira ya kuseri kwa chigayo kuti asapaone.

"Lero ndipita ku Kasina kukajambula nyumba zakale za kumeneko," anapitiriza Mervis. "Sitoloyo ndijambula mawa m'mawa, dzuwa likamalowa pakhonde. Pansi pa chithunzicho ndidzalemba dzina la ababa."

A Falesi anadikira mpaka njinga yamoto ya kabaza itamutenga Mervis, kenako analowa m'nyumba n'kukaima patsogolo pa chithunzi chokhacho cha amuna awo, chimene chinapachikidwa pamwamba pa kabati. Anakajambulitsa kuboma ku Dedza. Tsiku limenelo a Zefaniya anasamba mosamala ngati mkwati, anavala jekete yosoka okha, anamanga tayi, tsitsi analidzoza mafuta n'kulipesa mpaka kunyezimira. Umo ndi mmene a Falesi ankadziwira kujambulidwa. Munthu amayamba wasamba, n'kusankha chovala chake chabwino, n'kuima mowongoka, chifukwa chithunzi chimapita kumene iwe sukafika ndipo chimakakuyankhulira kwa anthu osakudziwa. Tsono mwana wawo yemwe ankafuna kukapachika dzina la bambo ake pansi pa ndowe za mbuzi ndi ming'alu, alendo a mutauni azikaloza ndi zala.

Anatuluka panja.

"Linus, laimu uja anatsala pa Khirisimasi ali kuti?"

"Ali m'thumba, kuseri kwa nkhokwe. Bwanji?"

"Tenga. Utengenso bulashi ndi ndowa ziwiri. Dorika, masache."

"Amayi, ine lero ndikakumba kachewere kudimba."

"Kachewere alibe miyendo. Ukamupeza mawa."

Anakapeza a Gibson ataima pamsewu, manja ali m'thumba la jekete, akuyang'ana denga kuti aone malata amene angapulumuke. Anali bambo wonenepa, woseka msanga. Ataona ndowa ndi masache anavula chipewa n'kupereka moni, maso ali pa thumba la laimu.

"Amayi, kodi simunamve? Nyumbayi Lolemba ikugwa."

"Ndamva, a Gibson. Ndabwera kudzapempha kuti mutilole tiikonze."

"Muikonze kuti ine ndidzagwetse yokongola?" A Gibson anaseka mpaka mapewa kugwedera. "Laimu ameneyu si bwino mukapake kwanu?"

"Inu munthu akamwalira kwanu mumangomunyamula ndi litsiro lake, poti akukalowa m'dothi?" anafunsa a Falesi mosakweza mawu. "Simumusambitsa?"

Kuseka kwa a Gibson kunathera pakhosi. Anabwezera chipewa kumutu n'kukanda chibwano.

"Pakani, amayi. Makwerero ali kwa mnyamata wowotcherera zitsulo uyo, mukanene kuti ndakutumani ndine."

Ntchito inali yambiri kuposa mmene inkaonekera. Dorika anatunga madzi pamjigo, a Falesi anasesa ndowe za mbuzi, mapepala a shuga ndi zisa za mavu. Linus anaponda matope n'kumata ming'alu ikuluikulu, kenako anasungunula laimu n'kuyamba kupaka kuchokera kumwamba. Amayi opita kumsika ankaima ndi madengu awo pamutu.

"Kodi kukubwera a bishopu?" anafunsa wina.

"Kukubwera kamera," anayankha Dorika. "Tawonani, ifenso mawa tikhala pa nyuzi."

A Falesi anagwira ntchito tsiku lonse atafulatira ngodya imodzi. Kumanzere kwa chitseko ndi kumene kunkakhala makina osokera ndi benchi ya amuna awo. Mbali imeneyo anamusiyira Dorika kuti asese, iwo n'kumatanganidwa ndi kumapeto kwina kwa khonde, kumene anazula chisoso chomera m'ming'alu ya simenti.

Dzuwa litapendeka Linus anafika pangodya ija.

"Amayi, apa laimu akukana. Ndikapaka akungotsetsereka."

"Ndi litsiro limenelo," anayankha osacheuka. "Paka mobwereza, ukhuthalitse."

Linus anawonjezera laimu m'ndowa kuti alimbe ngati phala, n'kupaka mpaka pamalopo panafanana ndi ponse.

Atamaliza, a Falesi anawoloka msewu n'kuyang'ana ali patali. Denga linali lomwe lija, ladzimbiri ndi loperewera, koma khonde linali litayera, mizati yake itaima ngati ana a sukulu ovala yunifolomu yatsopano. Mtima wawo unakhala pansi. Anauza Dorika kuti atsogole akasonkhe moto, iwo anavundikira ndowa n'kukhalapo kudikira mwana wawo. M'manja munali mutauma ndi laimu, m'mizere ya zikhatho muli mbee.

Mervis anatsika pa njinga ya kabaza dzuwa lili pafupi kulowa. Anavula chipewa cha njinga, n'kuima. Anayang'ana khonde, anayang'ana mchimwene wake amene anali ndi madontho oyera mpaka m'nsidze, kenako amayi ake.

"Waona?" anatero a Falesi akumwetulira. "Mawa ujambule bwinobwino. Bambo ako asakachite manyazi kwa eni tauni."

Mervis anakwera pakhonde n'kulunjika kumanzere kwa chitseko. Anakhudza khoma ndi nsonga za zala, zala n'kubwerako zoyera.

"Mwapakanso apa?"

"Pamenepo ndiye panandivuta," anatero Linus. "Panali chilitsiro chakuda, chonyezimira ngati poto."

Mervis anakhala pansi pa simenti, chikwama cha kamera chili pamiyendo. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Achimwene, simukukumbukira? Ababa akatopa ankasiya kupalasa makina, n'kutsamira khoma, mutu n'kuugoneka kumbuyo, tepi ili m'khosi, maso atatsinzina. Tsiku lililonse, malo omwewo. Mafuta a kumutu kwawo ndi thukuta la kumsana zinalowa m'khomamu. Pamwamba panali pozungulira, pamene pankafika mutu, m'munsi motambalala, pamene pankafika mapewa. Ine pochokera kusukulu ndinkawapeza chomwecho, ndikuwagwira bondo kuti adzuke." Anapukuta zala pa buluku. "Dzulo potsika minibasi ndinapaona. Panali pakadali. Koma kunali kutada, ndiye ndinati ndidikire kuwala kwa m'mawa."

Linus anayang'ana bulashi imene inali m'dzanja lake ngati wina wangomupatsira.

"Nanga bwanji sunanene?" anafunsa a Falesi.

"Ndinaopa kuti mulira, amayi. Ndinkafuna ndidzakupatseni chithunzicho chitatha, chili m'galasi."

A Falesi anamva kutentha kumaso ngakhale mphepo yozizira inali itayamba kutsika m'phiri. Anadzuka pandowa paja.

"Ndiye unkafuna ukaonetse anthu thukuta la bambo ako? Munthu amene sankatuluka m'nyumba malaya osasita? Chithunzi chawo chilipo kunyumba, chaulemu wake."

"Chija n'cha tsiku limodzi, amayi. Ine sindinawaonepo atavala tayi. Amene ndimawadziwa ine anali apa."

"Iwe ukajambula umakwera basi n'kumapita," anatero a Falesi. "Ife timatsala kuno ndi dzinali. Nyumba zonse zija watisonyeza m'mawa, ukuganiza kuti zilibe wina amene zimamupweteka akaziona zili choncho? Unawafunsa?"

Mervis anaweramitsa mutu. Minibasi inadutsa ikuliza hutala, fumbi lake n'kugwera pa laimu wosauma.

"Tikhoza kupala," anatero Linus. "Ndi mpeni, pang'onopang'ono."

"Pulasitala wake wafumbwa," anayankha Mervis. "Mukapala achoka yense. Zisiyeni, achimwene. Zatha."

Anabwerera kunyumba mondondozana. Makwerero ndi ndowa imodzi ya laimu wotsala anazisiya pakhonde kuti Linus adzazitenge m'mawa.

Pa chakudya chamadzulo Dorika anayesa kuyambitsa nkhani ya mbuzi ya aneba imene inadya sopo, koma palibe anaseka. A Falesi anangodya pang'ono n'kusamba m'manja. Laimu anali atawang'amba khungu pakati pa zala, ndipo madzi ankawawa.

Mafuta amene Mervis ankanenawo ankagula ndi iwo. Anali a m'kabotolo ka chivindikiro chobiriwira, ndipo a Zefaniya sankapita kuntchito osadzola. A Falesi anakumbukira mmene ankadandaulira pochapa makolala a malaya ndi nsalu ya pilo, mafutawo osachoka ngakhale ndi madzi otentha. Anakumbukiranso masana ambirimbiri amene ankapititsa chakudya kusitolo n'kuwapeza atatsamira khoma, pakamwa patatseguka pang'ono. Ankakhosomola dala, bambowo n'kudzidzimuka, phazi n'kuyamba kupalasa makina opanda nsalu, kunamizira kuti sanagone. Zonsezi zinali pakhoma paja nthawi yonseyi, iwo akuzungulira kuseri kwa chigayo. Ndipo tsiku limene anafika pafupi, anafulatira, n'kulamula kuti pakhuthalitsidwe laimu.

Anayang'ana chithunzi cha pamwamba pa kabati. Bambo wa tayi uja anawayang'ananso, ali chiwongokere, ngati mlendo waulemu amene akudikira kuti amulandire chipewa.

M'mawa kunacha ndi chisanu choluma zala. A Falesi anafunditsa madzi, anasamba, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku loyera. Linus anali atapita kale kukabweza makwerero. Mervis anali pakhomo la khitchini, kapu ya tiyi ili m'manja, chikwama chake cha zovala chitamangidwa kale.

"Tenga kamera yako," anatero a Falesi.

"Ndikajambule chiyani, amayi?"

"Tinapaka kuti ujambule. Kaya ukapachika kaya sukapachika, izo n'zako. Koma manja angawa asang'ambikire chabe."

Mervis anapumira m'mwamba, komabe anatenga kamera n'kuwatsatira. Pamphambano ya njira ya kuchigayo a Falesi anazengereza pang'ono, kenako analunjika kumsewu.

Dzuwa linali litangolowa pakhonde. Laimu anali atauma usiku, ndipo khoma linkawala mpaka kuthobwa m'maso. Linus anali kumanzere kwa chitseko, akuvundula laimu wotsala uja ndi kamtengo, akung'ung'udza yekha.

"Taonani, amayi, chinthu chija chatulukanso. Laimu yense uja ndinathira dzulo! Ndati poti zinawonongeka kale, bola ndingomaliza, payere mofanana."

Anaviika bulashi n'kuikweza.

"Leka!"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu moti mayi wina wodutsa ndi dengu la tomato anacheuka. Linus anaima, laimu akudontha kuchokera pa bulashi kugwera pa nsapato yake.

Pakati pa kuyera konseko panali banga lofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Mafuta a zaka zonse zija anali atakana laimu n'kuboola kutulukira kunja. Pamwamba linali lozungulira, m'munsi lotambalala. Silinali lakuda ndi lonyezimira ngati kale, koma poti ponse pozungulira panali poyera, linkaoneka ngakhale munthu ataima kutsidya kwa msewu.

A Falesi anakwera pakhonde pang'onopang'ono. Anafika pafupi n'kuima nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lawo long'ambika lija n'kuliika pambali pa bangalo, osaligunda.

"Lapendekera kuno," anatero motsitsa. "Ankapendeketsa mutu chonchi kuti aziona amene akutsika basi. Ati kuopa kuti kasitomala angapitirire." Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Bodza. Ankangokonda nkhani za eni."

Mervis anali atatulutsa kale kamera, koma sanaikweze. Ankayang'ana amayi ake.

"Si mmene linalili," anatero. "Koma ndi iwo. Mundilola, amayi? Mukakana sindijambula."

A Falesi anayang'ana khoma, anayang'ana denga ladzimbiri, kenako msewu umene unali utayamba kudzaza anthu opita kumsika.

"Ujambule. Koma ine ndikhalepo. Anthu akowo akadziwe kuti pano sipanali pa mbuzi pokha, panali ndi eni ake." Anatembenukira kwa Linus. "Iwe, m'malo moima ngati mzati, kabwereke benchi kwa owotcherera."

Benchi itabwera, anaiika okha, osati pansi pa bangalo koma pambali pake, pamene ankakhala akabweretsa chakudya. Anakonza duku, anawongola chitenje pamawondo, n'kukhala mowongoka, manja ali pamiyendo.

"Malatawo aonekanso?" anafunsa osagwedeza mutu.

"Aoneka, amayi."

"Aoneke pang'ono. Usachite kuwakometsa."

Mervis anabwerera m'mbuyo mpaka m'mphepete mwa msewu, anagwada bondo limodzi, n'kudikira kuti ngolo ya ng'ombe idutse. Ali chidikirire, minibasi yochokera ku Linthipe inaima, kondakitala atatulutsa mutu pazenera.

"Pa Zefaniya! Otsika pa Zefaniya!"

A Falesi anapendeketsa mutu kuti aone amene akutsika. Pomwepo kamera inalira.

"Aa, ndinali ndisanakonzeke!" anadandaula. "Jambulanso."

Mervis anajambulanso, amayi ake atawongoka bwinobwino ngati a pa chithunzi cha pakabati. Kenako anabwera kudzakhala nawo pabenchi n'kuwaonetsa zonse ziwiri pa kagalasi ka kuseri kwa kamera. A Falesi anaziyang'ana mosinthanasinthana, akutchinga dzuwa ndi dzanja.

"Chowongokachi undipatse ine, cha pakabati," anatero potsiriza. "Chinacho ukapachike kwanuko."

Anadzuka n'kukung'untha chitenje. Linus anali akadaimabe ndi ndowa yake.

"Nanga laimu wotsalayu nditani naye?"

"Ukapake khola lako lija," anayankha a Falesi. "Mwina mlongo wako angalijambule."

Anatsika pakhonde n'kulowera kumsika kukagula mchere, kudzera mumsewu waukulu.